Ndemanga ya chimbale cha Blu-ray cha The 36th Chamber of Shaolin

Chimbalechi chinandipeza mu Epulo, atandibweretsera mphwanga amene amagwira ntchito ku Birmingham, koma ndachedwa dala kulemba maganizo anga chifukwa filimu ya mtundu umenewu munthu saigulira kuionera kamodzi n'kuiponya m'kabati. Pa miyezi inayi imeneyi ndaionera yonse kasanu, osawerengera maulendo amene ndabwereza zigawo zina, ndipo ndikhoza kunena molimba mtima kuti ndalama zanga sizinalowe m'madzi, ngakhale pali zingapo zimene sizinandisangalatse.

Filimuyi inatuluka mu 1978 kuchokera ku kampani ya Shaw Brothers ya ku Hong Kong. Anaitsogolera ndi Lau Kar-leung, katswiri wa kung fu ya mtundu wa Hung Gar amene anamwalira mu 2013, ndipo wosewera wamkulu ndi Gordon Liu, yemwe m'nkhaniyi ndi San Te, mnyamata wa sukulu amene akuthawira ku kachisi wa Shaolin asilikali a boma la Amanchu, amene ankalamulira dziko la China nthawi imeneyo, atapha abale ndi anzake. Ku America anaipatsa dzina lakuti Master Killer, ndipo inamera mizu kwambiri pakati pa achinyamata a ku New York, mpaka gulu la oimba la Wu-Tang Clan linatengako mbali ya dzina la chimbale chawo choyamba cha mu 1993. Ndi imodzi mwa mafilimu aja amene ali ndi anthu awoawo, anthu oti amadziwa mawu ake pamtima ndipo akakumana amangomvana ngati apachibale.

Ineyo ndinaionera koyamba ndili mwana, m'kanyumba ka vidiyo kotchinga ndi mphasa pa msika wa kwathu, titapanikizana pa mabenchi jenereta ikulira kunja. Tepi yake inali yojambulidwa kuchokera ku tepi inzake, mitundu itafwifwa, ndipo chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti tinkangoona gawo chabe la chithunzi. Filimuyi inajambulidwa motambalala kwambiri, koma kuti ikwane pa wailesi ya kanema yachikale ija ankaidula mbali zonse ziwiri, moti pafupifupi theka la chithunzi linkatayika. Chimbalechi chabwezeretsa zonse zimene zinkadulidwazo, ndipo ichi chokha n'chifukwa chokwanira chochigulira.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka bwino pa chigawo chapakati, chimene kwa ine ndiye mtima wa filimu yonse. Apa palibe mdani woti aphedwe. Pali munthu mmodzi amene akuphunzira, kulephera, n'kuyambiranso, m'zipinda 35 za kachisiyo. Kuti akafike kodyera ayenera kuwoloka thamanda podumpha pa mitolo ya mitengo yoyandama, ndipo akagwera m'madzi chakudya chimamudutsa. M'chipinda china amakwera chitunda atanyamula zidebe ziwiri za madzi manja atatambasula, mipeni itamangidwa m'mikono mwake kuti akangotsitsa manja imubaye m'nthiti. Chipinda chimene ndabwereza koposa ndi cha belu, momwe wophunzira amagwira ndi dzanja limodzi nsungwi yaitali yokhala ndi cholemera kunsonga, n'kumamenya belu motsatira kugogoda kwa mphunzitsi wake. Pa tepi ija ndinkangoona nkhope yotuluka thukuta ndi kachidutswa ka nsungwi. Pano ndimaona dzanja kumapeto kuno, belu kumapeto uko, ndi utali wonse wa nsungwiyo ikunjenjemera pakati, ndipo m'pamene ndamvetsa chifukwa chake dzanja la San Te likutupa. Lau Kar-leung sankakonda kudula chithunzi pafupipafupi pofuna kubisa kufooka kwa osewera, choncho thupi lonse la munthu limaoneka kuyambira kuphazi mpaka kumutu, ndipo woonera amatha kutsatira sitepe iliyonse.

Apa m'pamene pagona ubwino wokhala ndi filimu yotere panyumba. Ku vidiyo kuja sitinkaloledwa kunena kuti bwezani pang'ono, chifukwa ena anali atalipira kuti aone nkhondo basi. Kunyumba ndimaimitsa, kubweza ndi kuyendetsa pang'onopang'ono, makamaka pamene San Te akulimbana ndi mkulu wina wa kachisiyo pogwiritsa ntchito ndodo ya zigawo zitatu zolumikiza ndi unyolo, imene waitulukira yekha atagonja kangapo. Mwana wanga wamkulu anandifunsa kuti, "Bambo, n'chifukwa chiyani akulimbikira chipinda cha 36 pamene wamaliza kale zonse?" Tinabweza mpaka pamene akupempha akuluakulu kuti pakhale chipinda chatsopano cha 36 choti luso la Shaolin liphunzitsidwenso kwa anthu wamba a kunja kwa mpanda, ndipo tinakambirana nkhani imeneyi nsima ikuzizira patebulo.

Kumbali ya mawu, chimbale changa chili ndi Chimandarini (chiyankhulo cha ku China) komanso mawu Achingelezi akale aja amene ambirife tinakulira. Achingeleziwo ndimawakonda chifukwa cha chikumbutso, koma amapeputsa zigawo zina zachisoni, choncho ndikulangiza woonera koyamba kuti ayambe ndi Chimandarini n'kumawerenga mawu olembedwa pansi.

Madandaulo anga akuyambira pomwepo. Mawu olembedwa pansiwo ndi ang'onoang'ono ndiponso oyera, moti akagwera pa chovala chowala kapena pa khoma la kachisi amazimirira, ndipo mayi anga, amene maso awo anayamba kufooka, analephera kuwatsatira. Ana a masiku ano anazolowera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amapezeka m'misika, ndiye kuwerenga Chingelezi chothamanga kwa maola pafupifupi awiri kumawatopetsa. Chikwama chake nachonso n'chapulasitiki yopyapyala. Mano ogwira chimbale pakati anathyoka pa sabata yachiwiri, ndipo ndachita kuchisamutsira m'chikwama china poopa kuti chingakalike. Zowonjezera zilipo zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo ndikadakonda kumva zambiri za mmene zipinda zija anazikonzera.

Amene akufuna kuitanitsa kunja ayang'anitsitse chilembo cha dera kuseri kwa chikwama. Zimbale za Blu-ray za ku Ulaya ndi za kuno ku Africa zili m'dera B, pamene za ku America ndi ku Hong Kong zili m'dera A ndipo zambiri zimakana kusewera pa makina athu. Changa n'cha dera B ndipo chinayamba kusewera nthawi yomweyo popanda vuto. Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo ndachotsera mawu ang'onoang'ono aja ndi chikwama chosalimba.