Fractured Flickers pa DVD: nthabwala zolukidwa pa mafilimu opanda mawu

Kampani ya VCI Entertainment inatulutsa mu 2004 ma DVD atatu momwe muli zigawo zonse 26 za Fractured Flickers, pulogalamu yanthabwala ya theka la ola imene inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku America mu 1963. Mwini wake anali Jay Ward, yemwe anali atatchuka kale ndi makatuni a Rocky ndi Bullwinkle, ndipo nzeru yake inali yotenga mafilimu akale opanda mawu, kuwadula ndi kuwalumikiza mwatsopano, kenako n'kuika mawu oseketsa m'kamwa mwa akatswiri amene pa nthawi yawo ankaliza anthu misozi. Amene anaonerapo mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'nyumba zoonetsera vidiyo sangavutike kumvetsa lusoli.

Chimene chikuchititsa kuti ma DVD amenewa akhale oyenera kugula ndi mawu. Paul Frees, June Foray ndi Bill Scott ankalankhulira anthu ambirimbiri, ndipo ankatsatira milomo ndi manja a wosewerayo mosamala kwambiri, moti munthu akatukula nsidze kapena kutembenuka mwadzidzidzi, mawu ofanana ndi kachitidweko amagwera pomwepo. Hans Conried, yemwe ankatsogolera pulogalamuyi, amakhala patebulo nkhope ili gwa, akudandaula za ntchito imene wapatsidwa, ndipo amacheza mwachidule ndi alendo monga Rod Serling, Annette Funicello ndi Barbara Eden. Kucheza kwina kumakoma, koma kwina kumangodya nthawi, ndipo woonera amalakalaka kuti mafilimu ayambirenso.

Gawo limene limakumbukiridwa kwambiri ndi limenenso limandivuta mumtima. Anatenga filimu ya The Hunchback of Notre Dame ya 1923, momwe Lon Chaney anasewera ngati Quasimodo, munthu wa linunda wonyozedwa ndi mzinda wonse, n'kumusandutsa Dinky Dunstan, mnyamata wochemerera timu ya mpira. Kulumpha kwake pamakoma a tchalitchi kumagwirizanadi ndi nyimbo zochemerera, ndipo n'kovuta kudziletsa kuseka, komabe Chaney anazunza thupi lake kuti aonetse chisoni cha munthu ameneyo, ndipo anali atamwalira kale mu 1930, osatha kudziyankhira. Mwana wake, Lon Chaney Jr., anakhumudwa ndi gawoli, ndipo ine ndikuona kuti anali ndi chifukwa chomveka. Ndingalangize aliyense kuti ayambe waonera filimu yeniyeniyo asanaone nthabwalayi, chifukwa mawu a Dinky akalowa m'mutu satulukamo msanga.

Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, zina zokalika ndiponso zosaoneka bwino, koma zimenezi n'zosadabwitsa pa mafilimu a zaka zoposa 100. Vuto lalikulu ndi Chingelezi chothamanga komanso nthabwala zonena za otsatsa malonda ndi anthu otchuka a ku America a m'ma 1960, zimene woonera wa lero sangazigwire zonse. Kuonera zigawo zambiri motsatizana kumatopetsanso, popeza njira yoseketsera ndi imodzimodzi ndipo zidutswa zina za mafilimu zimabwerezedwa. Wogula adzasangalala nazo kwambiri akamaonera chigawo chimodzi kapena ziwiri pa tsiku, makamaka ngati amadziwa kale nkhope za akatswiri a mafilimu opanda mawu monga Rudolph Valentino, Douglas Fairbanks ndi Theda Bara.