Situdiyo ya pamwamba pa shopu ya matayala ku Limbe: ndapitako kawiri

Ulendo woyamba ndinafika ndili wefuwefu, Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Uthenga unabwera Lachiwiri usiku pa gulu lathu la azisudzo la pa WhatsApp: kampani ina yojambula zotsatsa malonda ikufuna mayi wa zaka 28 mpaka 35, wodziwa Chichewa ndi Chingerezi, ndipo atumize chithunzi cha nkhope, china cha thupi lonse ndi kanema wa mphindi imodzi isanakwane 12 koloko masana Lachinayi. Ine ndinalibe ngakhale chimodzi. Chithunzi changa chabwino chinali cha pa ukwati wa mng'ono wanga, duku lili pamutu, dzanja la alamu lili paphewa. Lachitatu lonse ndinakhalira kuyesa kudzijambula kunyumba ku Chilomoni, foni nditaitsamiritsa pa mpando, atambala a aneba akundithandiza kuyankhula. Magetsi atathima madzulo ndinagonja, mnzanga wina n'kundilozera situdiyoyi.

Malowo ndi chipinda chimodzi, makwerero ake opapatiza, fungo la labala likukutsatirani mpaka pakhomo. Mkati muli nsalu ziwiri za kumbuyo, yotuwa ndi yabuluu, nyali ziwiri zoyimika, kamera pa miyendo yake itatu ndi kamaikolofoni kopanira pa kolala. Amagwiramo anthu awiri: achimwene ojambula ndi mtsikana wokonza zithunzi pa kompyuta. Tsiku limenelo anachita zonse zimene akanatha. Vuto linali ine. Mawu sindinawaloweze bwino, ndiye maso ankangothawira ku pepala. Tinabwereza kasanu ndi kawiri. Pomwe ankamaliza kudula kanemayo nthawi inali itadutsa kale, ndipo ndinatumiza mochedwa ndi mphindi 40. Sanandiyankhe, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ulendo wachiwiri ndinapita patatha milungu itatu, popanda audition iliyonse (mayeso osankhira azisudzo) yondidikira. Apa m'pamene ndinaona chimene anthuwa amadziwa.

Ine ndinakulira pa siteji. Ndinayambira ku mipikisano ya zisudzo za m'Chingerezi ya bungwe la ATEM ndili ku sekondale, kenako n'kumasewera pa Blantyre Cultural Centre, komwe umayenera kuponya mawu kuti wa pampando wa kumbuyo amve, nkhope n'kuitambasula kuti chisoni chioneke patali. Ojambula aja anandionerera kamodzi, n'kunena mwaulemu kuti, "Achemwali, kamera ili pompa, musaikalipire." Ndinaseka, koma zinandilowa. Anandionetsa pa sikirini: nsidze zanga zinkavina ngati ndili pa chinamwali. Tinatha pafupifupi theka la ola tikungochepetsa. Anandiphunzitsanso kuti podzitchula dzina, kutalika ndi zilankhulo umayang'ana m'diso la kamera, koma ukayamba kusewera maso amapita pambali pang'ono, pamene paima wokuwerengera mawu a mnzako. Mtsikana wa pa kompyuta ndi amene anandiwerengera, motsitsa mawu kuti asandiphimbe. Kutalika kwanga sindinkakudziwa n'komwe. Ali ndi tepi pakhoma, ndipo ndinatuluka ndikudziwa kuti ndine wa masentimita 163. Zaka zonsezi ndakhala ndikungoti "wapakatikati".

Tinajambula magawo awiri oyankhula ndekha, amene amati monologue: lina losetsa m'Chichewa, la mayi wogulitsa mandasi akukangana ndi wangongole, lina lolemera m'Chingerezi. Lililonse silinapitirire mphindi imodzi ndi theka. Onse ndinawalemba ndekha n'kuwaloweza kwa sabata yathunthu, posamba, potsuka mbale, m'minibasi. Kusiyana kwake ndi ulendo woyamba kunali kwakukulu, chifukwa mawu atakhazikika m'mutu ndinapeza mpata womvetsera ndi wopuma. Tinangobwereza katatu. Kamera anaigoneka chopingasa, n'kundidula kuyambira pachifuwa kupita kumutu, mutu usakugunda pamwamba. Fayilo anandipatsa ya MP4, yolembedwa dzina langa, osati manambala osadziwika mutu wake aja. Anandichenjezanso kuti kanema ukamutumiza pa WhatsApp mwachizolowezi amafinyidwa n'kuoneka ngati wajambulidwa m'chifunga, bola kumutumiza ngati document kapena kumuika pa Google Drive n'kupereka linki.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo.

Zithunzi zoyamba zimene anandionetsa sindinadzizindikire. Khungu analiyeretsa, chipsera changa cha pachibwano anachifufuta, nkhope inali see ngati ya chidole cha m'shopu ya zovala. Ndikumvetsa, makasitomala awo ambiri ndi a maukwati ndi a masiku obadwa, ndipo amakonda zimenezo. Koma osankha azisudzo amafuna kuti munthu wa pachithunzi akhale yemweyo wolowa pakhomo. Mukawatumizira mzungu n'kufika inuyo, mwayamba ndi bodza. Ndinawauza abwezeretse chipsera changa, ndipo mtsikanayo anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anachita. Muziwauziratu musanakhale pampando.

Chachiwiri ndi phokoso. Limbe ndi Limbe. Kuyambira cha m'ma 11 oyitanira minibasi amakhala atakolera, ndipo pansi pamakhala pakulira makina ochotsera matayala. Kamaikolofoni ka pakolala kamathandiza, koma sikachita zozizwitsa. Magetsi akathima amayatsa jenereta, ndipo imamveka m'kanema ngati njuchi. Pitani m'mawa kwambiri, kapena Lamlungu masana mutapangana nawo. Malo osinthira zovala ndi kansalu kotchinga pakona basi, galasi lake laling'ono ngati la m'chikwama. Ine ndinatenga mabulauzi atatu osalemba kanthu, ndipo wamizeremizere anaukana kuti umanjenjemera pa kamera. Woyera nawonso anati umawala mopitirira pa khungu lakuda. Tinakhazikika pa wobiriwira.

Mtengo ndi wakuti munthu wodalira zisudzo zokha ayenera kuusungira, si wotulutsa mwadzidzidzi pakati pa mwezi. Ulendo woyamba anandiwonjezera ya changu, ndipo ndalamayo inapita m'madzi. Wachiwiri ndinalipira zochepa, n'kutuluka ndi zithunzi zinayi, makanema awiri ndi kakanema kodzitchula. Amalandira ndalama za pafoni. Kusindikiza chithunzi cha mainchesi 8 kwa 10 amalipiritsa padera; ndinasindikiza ziwiri zokha, kuseri n'kumatako pepala la masewero amene ndachitapo.

Kodi ndingabwererenso? Inde, tsitsi ndikangolisintha, chifukwa pano ndili ndi lalifupi ndipo ndikaluka zithunzizo zidzakhala za munthu wina. Amene mukufuna wokuphunzitsani kusewera, kumeneko si sukulu; ojambulayo amadziwa kamera, koma sangakuuzeni chifukwa chimene mayi wa mandasi wakwiyira. Zimenezo mubwere nazo kuchokera kunyumba.

Mwezi watha uthenga wina unalowa cha m'ma 7 usiku, ndikuvundula nsima, ofuna zonse pofika m'mawa. Ndinauza mwana agwirizire mthiko, ndinatsegula foda ya mufoni, n'kutumiza nsima isanapse. Anandiitana ku Lilongwe Lolemba lotsatira. Gawolo anapatsa mayi wina wamtali kuposa ine, koma mmodzi wa osankhawo anafunsa za chipsera chija, n'kulemba kenakake papepala lake.