Fani ikulira chisinthireni batire: reset, software, cooling pad kapena kutsegulanso?

Mwezi wathawu ndinasinthitsa batire ya laputopu yanga, yakaleyo inali itafika poti magetsi akangothima nayonso phi pompo ngati desktop. Yatsopano inalowa bwinobwino, ine kusangalala, koma usiku womwewo ndikulemba ripoti fani inayamba kulira krrr krrr ngati kabotolo kamene ana amapanikiza pa tayala la njinga. Nditafunsa anzanga aliyense anali ndi mankhwala ake, wina ati panga reset, wina ati ika pulogalamu yochepetsa fani, wina ati gula cooling pad basi (kachoikapo laputopu kokhala ndi mafani oziziritsa pansi), wina ati bwerera kwa amene anatsegulayo. Zonsezi ndinazidutsa, ndiye ndati ndiziike pamodzi muone kusiyana kwake musanataye ndalama.

Musanasankhe chilichonse mvetserani kaye kalilidwe kake, ndipo ikani dzanja potulukira mphepo. Fani ikamathamanga fuuu ngati ndege ikunyamuka koma mphepo ikutuluka yozizira, mashini asokonezeka mutu kapena sensa ina yoyeza kutentha siikuwerengedwa. Ikamathamanga mphepo ili yotentha, purosesa (CPU, ubongo wa mashini) ikugwiradi ntchito kapena kutentha sikukutuluka bwino. Ikamakhula kapena kugogoda, pali chinthu chikukhudza mapiko ake, ndipo apa palibe batani limene mungadine kuti zithe.

Reset ndi yaulere ndipo siidya mphindi zisanu, nchifukwa chake ndimati yambirani pamenepo. Mkati mwa laputopu muli kachipu kamene kamayang'anira batire, kuchaja ndi fani pamodzi, pa Windows amati EC, pa MacBook za Intel amati SMC, ndiye batire ikachotsedwa n'kubwezeredwa nthawi zina kamabalalika. Pa HP ndi ena ambiri mumathimitsa, kuzula chaja, n'kugwira batani loyatsira masekondi 15 kapena kuposerapo. Ma ThinkPad ambiri a batire ya mkati ali ndi kabowo kakang'ono pansi, mumalowetsamo ka paper clip. Pa MacBook ya Intel yopanda chipu cha T2 mumagwira Shift, Control ndi Option za kumanzere pamodzi ndi batani loyatsira masekondi 10, pomwe za M1 kupita mtsogolo zilibe zimenezo, mumangothimitsa n'kuyatsanso. Koma reset imachiza fuuu wa mphepo yozizira uja basi. Yanga ndinaipanga katatu, krrr anali pomwepo.

Pali chinthu china chimene anthu sachiganizira. Malaputopu ena batire ikafa amadzichepetsera okha liwiro la purosesa chifukwa chaja chokha sichikwanitsa, ndiye mwakhala chaka chathunthu ndi mashini aulesi koma achete, mwaika batire yatsopano mphamvu zabwerera, fani imene munaiiwala yadzuka. Kuchaja kwenikweniko kumatenthetsanso. Apa palibe chawonongeka ayi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc muone mu Task Manager ngati pali chimene chikudya CPU, muonenso ngati power mode ili pa Best performance.

Tsopano za software, apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri. Pali mitundu iwiri. Ya eni ake mashini ndi yabwino, monga Dell Power Manager imene ili ndi Quiet ndi Cool, kapena Lenovo Vantage, ndipo pa ma HP ambiri mu BIOS (ma setting a mashini enieniwo, olowera podina F10 poyatsa) muli setting yoti fani izizungulira nthawi zonse chaja ikalumikizidwa, imeneyi mutha kuithimitsa. Kutsitsa maximum processor state kufika pa 99% mu power options kumathandizanso pa ma Intel ambiri chifukwa turbo, liwiro lowonjezera la purosesa, imasiya kudumpha, mashini amachepako changu koma wa Word ndi Excel sangazindikire n'komwe. Zonsezi zimachepetsa kutentha kaye kenako fani imatsika yokha. Mtundu winawo ndi wokakamiza fani kuti ikhale chete, monga TPFanControl, NoteBook FanControl kapena Macs Fan Control mukaiika pa liwiro lanulanu. Kumeneko ndi kutseka pakamwa mwana amene akulira ndi malungo. Purosesa ya Intel ikayandikira madigiri 100 imayamba kudzibweza yokha, ikapitirira imathimitsa mashini, ndipo batire yanu yatsopanoyo ikuwotchedwa pambali pomwepo. Chimene ndimaikondera Macs Fan Control, kapena HWMonitor pa Windows, ndi kuonetsa manambala a kutentha. Ikakuuzani madigiri 45 fani ili pa full, mwadziwa kuti vuto si moto.

A MacBook Pro ya 2015 tcherani khutu. Kebulo ya trackpad imadutsa pamwamba pa batire, batireyo ndi yomata ndi guluu, ndiye posendeza posendeza kebuloyo imavulala kapena siilowa bwino. Pa trackpad pali sensa ya kutentha, mashini akapanda kuimva amangoganiza zoipa, fani full, kernel_task (ntchito ya mkati mwa macOS) kudya CPU, chilichonse kumakwawa. Mutha kukakamiza fani kukhala chete ndi pulogalamu koma kukwawako sikuchoka mpaka kebulo ibwerere m'malo kapena isinthidwe.

Cooling pad sindiikana, mu Okutobala imathandizako pang'ono makamaka ngati laputopu yanu imakoka mphepo pansi. Koma pa vuto loti layamba tsiku losintha batire ndi ndalama yotaya. Imadya moto pa USB, kutanthauza batire yomwe mwagula ija, ndipo nayo ili ndi phokoso lake, ine ndinabwereka ya mnzanga n'kumamva mafani atatu m'malo mwa imodzi. Kukweza kumbuyo ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo n'kusiya kugwirira ntchito pa bulangeti kumachita pafupifupi zomwezo.

Kutsegulanso ndi kumene anthu amakuzemba chifukwa cha ulesi kapena manyazi obwerera kwa wokonza, koma mwa zonse ndi kokhako kumene kumafika pamene panagwidwa ndi manja. Dzulo kunali zii, lero munthu watsegula pansi, mawa phokoso, wokayikiridwa woyamba ndi chimene chinakhudzidwa. Zoyang'ana ndi zochepa: kapulagi ka fani ngati kalowa mpaka kumapeto, timawaya ta wifi kapena ta sipika ngati tabwerera mu timipata take, sikulu yotayika kapena yaitali yolowa pa bowo la yaifupi, chivundikiro chapansi ngati chatsekeka mbali zonse, ndi fumbi limene limaundana ngati thonje pakati pa fani ndi timapiko ta heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha pa purosesa. Mukachita nokha zulani kaye kebulo ya batire, pa ThinkPad muli ndi mwayi chifukwa mu BIOS muli Disable built-in battery. Popemerera fumbi gwirani fani ndi chala isazungulire mwamisala. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink, musaikhudze ngati heatsink siinanyamulidwe ndipo manambala a kutentha ali bwino, koma ngati wokonza anaimasula n'kuibwezera pa paste youma yakale, pamenepo pakufunika yatsopano, ka Arctic MX-4 kadontho kakang'ono kakwana. Mashini enanso amakuuzani okha ngati fani ili ndi vuto, Dell mukadina F12 poyatsa n'kusankha Diagnostics imayesa fani, HP imalemba 90B, ThinkPad imalemba Fan error.

Kugula fani ina ndi komaliza. Izungulitseni ndi chala mashini atathima, ikamagwedera kapena kumveka ngati muli mchenga ndiye yathadi, jambulani nambala ya pa sitika yake chifukwa mafani amafanana nkhope koma mapulagi amasiyana. Batireyonso muikayikire ngati phokoso limabwera pochaja pokha ndipo pamene yakhalapo pakutentha mosagwirika, kapena trackpad yayamba kutukuka. Yotupa musaisunge ngakhale tsiku limodzi. Mu Command Prompt ya pa Windows lembani powercfg /batteryreport muone ngati mphamvu yake ikufanana ndi imene anakuuzani pogulitsa.

Ine nditatopa ndinabwerera kwa wokonza uja Loweruka m'mawa. Ndisanamalize kufotokoza anati "bwana, fani yatha imeneyi, tiitanitse ina." Ndinati "achimwene, tatsegulani kaye tionere limodzi, inali bwinobwino Lachiwiri." Anamasula masikulu, kunyamula chivundikiro, ndipo ka waya kakuda ka wifi kanali katatuluka mu mpata wake n'kugona pamwamba pa fani, mapiko atakakhula mpaka pulasitiki yake kuyera mbali imodzi. Anakakankhira m'malo ndi chikhadabo, kumata katepi, kuyatsa, zii. Tonse tinangoseka, ndipo poti inali yotsegula kale ndinamuuza achotseretu fumbi, linatuluka lokwana kudzaza kachitsekerero ka botolo.