Ramones ndi Television: Magulu Awiri a ku CBGB

Magulu onsewa anayamba kuimba m'bala ya CBGB ku New York mu 1974, koma kaimbidwe kawo kamasiyana kutalitali. Chimbale choyamba cha Ramones, cha 1976, chili ndi nyimbo 14 m'mphindi 29 zokha. Johnny Ramone ankamenya gitala motsitsa dzanja basi, osakweza, pa makodi (mawu angapo a gitala omveka pamodzi) atatu kapena anayi. Zimaoneka zophweka, koma tayesani: mukaumitsa dzanja, limatopa nyimbo isanathe ndipo wang'oma amakusiyani m'mbuyo.

M'gulu la Television, magitala a Tom Verlaine ndi Richard Lloyd amalukana ngati mkeka, ndipo nyimbo yawo ya Marquee Moon, ya 1977, imatha mphindi pafupifupi 10. Vuto pano ndi lina: oimba awiri akaunjikana pamawu amodzimodzi, zimangomveka phokoso. Wophunzira kumene gitala ayambe ndi nyimbo za Ramones.