SPR, ITC kapena ELISA: njira yoyezera kugwirana kwa mamolekyulu ndi ma receptor osungunuka

Ma receptor ndi mapuloteni amene amagwira mamolekyulu ena ake. Ena amayandama m'madzi osamamatira pa selo, monga CD4 yosungunuka imene imagwira gp120, puloteni ya kunja kwa kachilombo ka HIV. Kwa ife a m'malabotale a muno mu Harare, chimene timafuna kupeza ndi Kd, nambala imene ikachepa imasonyeza kuti receptor ndi molekyulu zagwirana zolimba. Pano tifananiza njira zitatu zoipezera: SPR, ITC ndi ELISA.

SPR (surface plasmon resonance, njira yoyeza kugwirana pogwiritsa ntchito kuwala), imene inafala ndi makina a Biacore kuyambira 1990, ndiyo imanena zambiri. Receptor imamatidwa pa kagalasi kokutidwa ndi golide, madzi onyamula molekyulu amayenda pamwamba pake, ndipo mzere wa pa kompyuta umakwera zikamagwirana n'kutsika zikamalekana. Potero munthu amadziwa liwiro logwirana ndi lolekana, chinthu chofunika kwambiri, pakuti mamolekyulu awiri angakhale ndi Kd yofanana pamene imodzi imataya receptor m'masekondi ochepa, inayo n'kukakamira kwa maola. Komabe kumata receptor pa kagalasiko kungaphimbe malo enieni ogwirirapo, makinawo ndi timagalasi take n'zodula, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito puloteni yanu yapita pachabe.

ITC (isothermal titration calorimetry) simata kanthu. Imayeza kutentha kumene kumatuluka kapena kulowa pamene molekyulu ikudonthezedwa mu receptor, ndipo imasonyezanso kuchuluka kwa mamolekyulu ogwira receptor imodzi. Ndimailemekeza, koma imadya puloteni yambiri yoyeretsedwa bwino, komanso buffer (madzi osungunuliramo) ya molekyulu ndi ya receptor zikasiyana pang'ono, kutentha kwa kusakanikirana kumaphimba kwa kugwirana.

ELISA (enzyme-linked immunosorbent assay, njira imene kugwirana kumaonekera mwa kusintha kwa mtundu wa madzi) ndiyo tili nayo pafupi, popeza makina owerengera mbale za maenje 96 amapezeka m'malabotale ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amamata receptor pa mbale, n'kutenga pakati pa mzere umene umakwera akamawonjezera molekyulu ngati Kd, chonsecho kutsukatsuka mbaleyo kumasokoneza kugwirana kuja. Njira ya Friguet ndi anzake ya 1985 imakonza zimenezi: ziwirizo zimasakanizidwa mu chubu mpaka zitakhazikika, kenako mbale imangoyeza, kwa kanthawi kochepa, zimene zatsala zosagwidwa.

Amene ali ndi mamolekyulu ambiri oti asankhepo ayambe ndi ELISA yotereyi, atumize ochepa opambanawo kumene kuli SPR, ndipo ITC aisungire nthawi imene puloteni ilipo yokwanira.