Ntchito yosamalira wodwala locked-in syndrome pakhomo ku Johannesburg: mmene banja lathu laionera

Kampani imene ndikuifotokoza pano ndi imodzi mwa za muno mu Johannesburg zimene zimatumiza anamwino, a mafizo ndi akatswiri a kalankhulidwe kunyumba za odwala sitiroko. Banja lathu lakhala likuidalira chitulukireni m'chipatala achimwene anga, ndipo dzina lake ndalisunga popeza zina zimene ndinene ndi zodandaula.

Sitiroko ya achimwene inachokera m'mapapo. Mwa munthu aliyense magazi amadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono ta m'mapapo, momwe amatengera okosijeni, ndipo timitsemphati timagwiranso ntchito ngati sefa, kutsekereza tizibulumwa ta magazi oundana kuti tisapitirire. Mwa iwo, mtsempha wobweretsa magazi m'mapapo unalumikizana mwachindunji ndi wobweza magazi kumtima, vuto limene madokotala amalitcha PAVM. Kachibulumwa kanadzera panjira yachiduleyo n'kukatseka mtsempha wa basilar, umene umadyetsa mbali ya tsinde la ubongo yotchedwa pons. Chotsatira chake ndi locked-in syndrome, dzina limene madokotala Fred Plum ndi Jerome Posner anapereka mu 1966. Wodwala amamva, amaganiza ndiponso amakumbukira bwinobwino, koma satha kulankhula, kumeza kapena kusuntha manja ndi miyendo, ndipo chimene chimatsala kawirikawiri ndi kuphethira ndi kuyendetsa maso m'mwamba ndi pansi.

Pa ntchito zonse za kampaniyi, imene ndalama zake sitizidandaula ndi ya mayi katswiri wa kalankhulidwe. Iwo akalowa m'chipinda amayamba apereka moni kwa wodwala, kumuuza chimene abwerera, kenako n'kutembenukira kwa ife. Anakhazikitsa kuti kuyang'ana m'mwamba ndi inde, kuyang'ana pansi ndi ayi, ndipo sanakhutire mpaka atayesa ndi mafunso amene mayankho ake tinkawadziwa kale. Kenako anakhala pansi ndi alamu anga n'kukonzanso bolodi la zilembo kuti ligwirizane ndi Chichewa: mavawelo asanu anapita mumzere woyamba, q ndi x anachotsedwa, ndipo ng', ch ndi ny anapatsidwa malo awoawo. Alamu amaloza mzere ndi mzere, achimwene akakweza maso amaima, n'kuyamba kutchula zilembo za mumzerewo chimodzichimodzi. Ntchitoyi ndi yochedwa ndiponso yotopetsa wodwala, koma ndiyo inatidziwitsa kuti chidendene chakumanzere chinkawapweteka chifukwa chokhuza chitsulo cha bedi, pamene ife tinkangoona misozi osadziwa chifukwa chake. Mayiwa analangizanso mwaulemu abale a kumpingo odzazonda matenda kuti asamakambirane za wodwala pamutu pake ngati palibe, pakuti mawu aliwonse akuwamva.

Anamwino a masana ndi a mafizo amagwira ntchito yawo mosadandaulitsa. Amatembenuza wodwala maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, amakoka makhololo pa chubu ya pakhosi, amadyetsa kudzera pa chubu ya m'mimba, ndipo amawongola mfundo za manja ndi miyendo kuti zisaume.

Namwino wamkulu ndiye anaumirira pa nkhani imene kuchipatala anaitchula koma ife, mitima ili m'mwamba, sitinaigwire. Anafunsa ngati m'banja mwathu muli odwaladwala kamfuno, ndipo alipodi ambiri, kungoti kumudzi timati ndi kutentha kwa dzuwa. Ma PAVM ambiri amabwera ndi matenda akumtundu otchedwa HHT, amene chizindikiro chake china ndi kudwaladwala kamfuno ndipo amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 5,000 aliwonse, ndipo kholo limene lili nawo lingathe kupatsira theka la ana ake. Kuyeza kwake amabaya madzi amchere okhala ndi tithovu mumtsempha n'kuunika mtima, kuti aone ngati tithovuto tadutsa m'mapapo, ndipo pakakhala chikayiko amajambula chifuwa ndi makina a CT. Akaupeza mtsempha wolakwikawo amautseka ndi timawaya topota, kudzera pa kachubu kolowetsa mumtsempha wa m'mphechepeche, popanda kung'amba chifuwa. Amene ali ndi PAVM ayeneranso kuuza dokotala wa mano asanawagwire, chifukwa tizilombo ta m'kamwa tingadzere njira yomweyo n'kukayambitsa chithupsa mu ubongo. Chifukwa cha namwinoyu, ana a achimwene ndi ife abale awo a bere limodzi tili pa ndondomeko yokayezedwa.

Zofooka zilipo, ndipo zikuluzikulu zili usiku. Osamalira a usiku amasinthasintha, ena amabwera asanaphunzitsidwe za bolodi, moti wodwala amagona popanda womumva kufikira m'mawa. Palibe ngakhale mmodzi wolankhula Chichewa, kotero uthenga ukalembedwa pa bolodi pamafunika wachibale woti amasulire. Kompyuta yotsatira maso imene anatibwereka sinatithandize kwenikweni, chifukwa inkafuna kuti maso aziyenda mbali zonse pomwe a achimwene amayenda m'mwamba ndi pansi, komanso mawu ake ndi a Chingerezi. Za makina okokera makhololo okhala ndi batire sanatiuze poyamba, ngakhale aliyense wokhala mumzinda uno akudziwa mmene magetsi amazimira.

Pa za malipiro, amawerengera ulendo uliwonse paokha, ndipo machubu, magolovesi ndi matewera amabwera pa bilu ina imene siinali m'mtengo umene tinauzidwa. Kwa banja lodalira malipiro a mwezi ndi zopereka za abale, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Amene akuganiza zolemba kampani yotere apemphe mitengo yonse polemba, aonenso kuti a mafizo ndi a kalankhulidwe ndi olembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo muno mu South Africa, anamwino ku South African Nursing Council. Ife tasunga katswiri wa kalankhulidwe, a mafizo ndi namwino wa masana, koma usiku timagonera wodwala tokha mosinthana, namwino wamkulu atatiphunzitsa kukoka makhololo ndi kutembenuza.