WhatsApp Business pa shopu ya ku Kasungu: pamene imathandiza ndi pamene imalephera

Wogulitsa mbewu ndi feteleza pa boma la Kasungu, telala, ngakhale mwini hadiweya, masiku ano ali ndi makauntala awiri: ya matabwa ija ndi ya pa foni. Ya matabwa imatsekedwa dzuwa likalowa, koma ya pa foni ilibe loko. Mlimi wa ku Chamama afunsa mtengo wa Urea kusanache, wina wa ku Santhe atumiza mawu ojambula a mphindi zitatu, wina angolemba kuti "mulipo?" n'kusowa. Munthu amakhala jijirijijiri tsiku lonse, koma madzulo akawerenga ndalama, sizigwirizana ndi kutopa kwakeko. WhatsApp Business ingathe kuchepetsa vutoli, ndipo ndi yaulere, koma ngati simuitchera bwino imangosanduka WhatsApp wamba wa chizindikiro china.

Pulogalamuyi inatuluka mu Januwale 2018 ndipo imapezeka pa Play Store. Nambala imodzi singagwire pa WhatsApp wamba ndi pa WhatsApp Business nthawi imodzi, koma mapulogalamu awiriwa angathe kukhala pa foni imodzi ngati manambala ndi osiyana. Kwa amene ali ndi laini ya Airtel ndi ya TNM, phindu loyamba lili pomwepa: laini imodzi ikhale ya bizinesi yokha, ina ya achibale, magulu a kutchalitchi, a banki m'khonde ndi a maliro. Amene amasamutsira nambala yake yakale ku Business ndi magulu ake onse amakhala sanasinthe kanthu, chifukwa oda ya matumba khumi imakwiriridwabe ndi mauthenga a m'magulu.

Chida chimene chimabweza nthawi yambiri ndi Quick replies, chomwe chili pansi pa Business tools. Mumalemba yankho kamodzi, n'kulipatsa dzina lalifupi. Kasitomala akafunsa, mumangolemba chizindikiro cha / ndi dzinalo, yankho lonse n'kutuluka. Pulogalamuyi imalola mayankho 50, koma shopu wamba imangofunika asanu kapena asanu ndi limodzi: /mtengo wa katundu amene amafunsidwa kwambiri, /malo wofotokoza pamene shopu ili kuchokera pa depoti kapena pa msewu wa M1, /lipira wokhala ndi nambala yolipirira ndi dzina limene lituluke, /tumiza wofotokoza mtengo wa kabaza kapena minibasi, ndi /ngongole wokana ngongole mwaulemu. Womalizayu ndi wofunika kuposa mmene amaonekera, chifukwa kukana ngongole kwa munthu wodziwana naye kumadya nthawi yolemba n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Werengani nokha: ngati yankho la mtengo limakutengerani mphindi ziwiri ndipo afunsa anthu 30, ndi ola lathunthu limene lapita pa kulemba mawu omwewomwewo.

Chovuta chake n'chakuti yankho losungidwa silidziwa kuti mitengo yakwera. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti mtengo wa dzulo ungathe kukugwetsani lero. Kasitomala akalandira mtengo wakale kuchokera kwa inu nomwe, amauumirira, ndipo sakulakwa. Choncho m'yankho la /mtengo muzilembamo tsiku, monga "mitengo iyi ndi ya Lolemba pa 6", ndipo muziliunika tsiku lililonse limene mwakapikula katundu.

Pali mauthenga awiri amene amapita okha, ndipo anthu amawasokoneza. Greeting message imapita kwa munthu amene wakulemberani koyamba, kapena amene papita masiku 14 musanalemberane naye. Izi zikutanthauza kuti makasitomala a tsiku ndi tsiku sauona. Away message ndi imene imayankha pamene simulipo, ndipo mungaitchere kuti izipita nthawi zonse, pa maola amene mwasankha, kapena kunja kwa maola a ntchito amene munalemba pa Business hours. Apa ndi pamene pulogalamuyi imakhumudwitsa kwambiri: mauthenga onse awiriwa amapita pokhapokha foni ili pa intaneti. Mukazimitsa data usiku kuti musunge bandulo, kapena magetsi akathima foni n'kutha moto, kasitomala salandira kanthu. Kuno kumene ambiri amagula bandulo ya tsiku limodzi, chida ichi chimalephera pa nthawi yeniyeni imene chikufunika. Amene akufuna kuchidalira agule bandulo ya WhatsApp ya sabata kapena ya mwezi, azimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo azitsika okha, ndipo foni igone ili ndi moto.

Mawu a mu Away message ndi ofunikanso. "Tiyankha posachedwa" sathandiza aliyense. Abwino ndi otere: "Zikomo potilembera. Timayankha 7 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo. Lembani katundu amene mukufuna, kuchuluka kwake ndi kumene muli. Ngati n'zachangu, imbani." Uthenga wotere umachotsa mafunso atatu amene mukanafunsa limodzilimodzi, ndipo umakupatsani ufulu woika foni pansi.

Ufulu umenewu ndiwo mtima wa nkhani yonse, ndipo pulogalamuyi singakupatseni ngati inu simuutenga. Sankhani nthawi zitatu zoyankha, iliyonse ya mphindi 20 kapena 30, ndipo pakati pake mabelu a mauthenga akhale ozimitsa. Nyengo imene msika wa fodya wa Chinkhoma watsegulidwa, kapena mvula yoyamba ikayandikira anthu n'kumathamangira mbewu, onjezerani nthawi yachinayi. Wogulitsa amene akuyeza misomali uku akulemba pa foni ndi amene amabweza chenje molakwika, n'kumuyimitsanso munthu amene wabwera ndi ndalama m'manja chifukwa cha wina amene akungofunsa ali pa mphasa kwawo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nthawi yoyankha ikakwana, musayambire pamwamba. WhatsApp imaika pamwamba amene walemba kumene, osati amene ali ndi phindu. Apa ndi pamene Labels, zizindikiro zimene mumaika pa macheza a kasitomala aliyense, imagwira ntchito. Pulogalamuyi imabwera ndi zizindikiro zisanu za Chingerezi, koma mungathe kuzisintha mayina kukhala Wafunsa, Waoda, Sanalipire, Walipira ndi Watenga. Yambani ndi Walipira, chifukwa amenewo ndi anthu amene mukusunga ndalama zawo ndipo katundu wawo ayenera kukwera minibasi ya ku Nkhamenya kapena ku Mtunthama isananyamuke. Kenako Sanalipire, kenako Waoda. A Wafunsa akhale omaliza, ndipo ambiri mwa iwo yankho la / lokha ndi lokwanira. Madzulo werengani kuti ndi angati amene afika pa Watenga. Nambala imeneyo ndi imene imaonetsa ngati tsiku lapindula, osati kuchuluka kwa mauthenga amene mwayankha.

Kufooka kwa Labels n'kwakuti zonse ndi za pamanja. Mukaiwala kusuntha munthu kuchoka pa Sanalipire, mudzamukumbutsa ngongole imene analipira kale, ubale n'kuwonongeka. Pulogalamuyi siwerengeranso ndalama, sikuuzani kuti katundu watsala wochuluka bwanji, ndipo kuno ku Malawi malipiro sadutsa mmenemo. Buku la kauntala lisachoke pa tebulo. Ndiponso chithunzi cha uthenga wa malipiro chimene kasitomala watumiza si umboni, popeza akuba amapanga zabodza zofanana ndendende ndi zenizeni. Onani kaye ndalama zanu pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena pa *444# ngati ndi Mpamba, ndipo pokhapo munthu alowe pa Walipira.

Mawu ojambula ndi mbala ina ya nthawi. Makasitomala ambiri amawakonda, ndipo si bwino kuwaletsa, makamaka achikulire amene kulemba pa foni kumawavuta. Mungathe kuwamvera mothamanga pa 1.5x kapena 2x, koma simungawafufuze ndi malo osakira mawu a pa WhatsApp. Mukamva oda ya pakamwa, yankhani polemba mzere umodzi: "Matumba 4 a NPK, Santhe, Lachisanu, ndi choncho?" Mzere umenewo ndi umene mudzaupeze pakadzabuka mkangano.

Catalog, malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo, imatamandidwa kwambiri, koma kwa shopu ya ku Kasungu phindu lake ndi lapakatikati. Imalola zinthu 500, ndipo amene amayesa kuika shopu yonse amataya masiku, mitengo n'kusintha asanamalize. Zinthu 15 kapena 20 zimene zimayenda kwambiri n'zokwanira. Telala kapena kalipentala amapindula nayo kuposa wa golosale, chifukwa kwa iwo chithunzi ndicho chimagulitsa. Broadcast, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, nayo ili ndi msampha wake: mndandanda umodzi umatenga anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Choncho mu Greeting message muikemo pempho loti aisunge.

Ngati muli ndi wantchito pa shopu, Linked devices imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka zinayi pa nambala yomweyo, kotero kuti iye angayankhe inu muli ku Lilongwe kukaoda. Gwirizanani kuti ndani akuyankha nthawi iti, apo ayi kasitomala amalandira mitengo iwiri. Tcherani Two-step verification, loko yoteteza nambala yanu kuti ena asailande, ndi PIN ya manambala 6, ndipo manambala otsimikizira amene WhatsApp imatumiza pa SMS musapatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Sungani mauthenga ku Google Drive kamodzi pa sabata, popanda mavidiyo, chifukwa amadya malo aulere a 15 GB amene Google imapereka ndi bandulo yomwe.

Mawu a m'kati mwa pulogalamuyi sapezeka m'Chichewa, kotero ena adzafunika wowathandiza tsiku loyamba. Alimi amene ali ndi mafoni a mabatani sadzafikiridwa nayo konse, ndipo kwa iwo kuimba ndi SMS zikadali njira. Wogulitsa tomato kapena mandasi amene makasitomala ake amabwera okha pa benchi asavutike nayo. Koma kwa amene amalandira mauthenga opitirira 20 pa tsiku, ndi yoyenera kuitenga. Kuitchera konse kumatheka masana amodzi a Lamlungu, ndipo kwa ogulitsa zipangizo za ulimi nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala, mzere wa ogula mbewu usanayambe.